Makina a manja oumbira njerwa za dothi ndi simenti: kodi ndi oyenera pomanga holo ya m'mudzi?

Komiti ya chitukuko ikagwirizana zomanga holo, kaya ya misonkhano, ya sukulu ya mkombaphala kapena ya sikelo ya ana, nkhani yoyamba imakhala ya njerwa. Kale yankho linali lodziwikiratu: banja lililonse liumbe zake, amfumu aloze mitengo yoti igwe, uvuni uyake. Koma m'madera ambiri mitengo ija inatha, moti ena afika pogwetsa mango kuti aotchere njerwa. Komanso kuyambira mu 2018, malamulo amene anatuluka kudzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga la National Construction Industry Council salolanso njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Holo yomangidwa ndi ndalama za khonsolo kapena za bungwe lothandiza ili m'gulu lomweli.

N'chifukwa chake makomiti ambiri ayamba kufunsa za makina a manja odindira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimene amisiri amangoti ma SSB. Maganizo athu ndi akuti makinawa ndi abwino ndipo holo yomangidwa nawo imakhalitsa, koma sapulumutsa ndalama zochuluka monga amanenera ogulitsa, ndipo sakhululuka ulesi pa zinthu zitatu: kusankha dothi, kuyeza madzi ndi kuthirira njerwa.

Makinawo pawokha ndi osavuta. Ndi bokosi lachitsulo lokhala ndi chivindikiro pamwamba, mbale yoyenda pansi pake, ndi mkono wautali wokokera. Mumathira dothi lonyowa pang'ono m'bokosimo, kutseka, n'kukokera mkonowo pansi. Mbale ija imakankha dothi mpaka lithinane kukhala njerwa. Mukatsegula n'kubweza mkono, njerwa imatumphukira pamwamba. Luso limeneli linachokera ku makina otchedwa CINVA-Ram, amene Raúl Ramírez anakonza ku Bogotá m'dziko la Colombia m'zaka za m'ma 1950. Kuno kwathu odziwika kwambiri ndi a kampani ya Makiga ya ku Nairobi, amene amatulutsa njerwa zokhala ndi mano ndi mphako zolumana, ndiponso ena amene amisiri owotcherera zitsulo amapanga motengera omwewo. Aliponso a Hydraform a ku South Africa, oyendera injini, amene amadinda mwamphamvu kwambiri ndi mwachangu, koma mtengo wake, dizilo ndi makaniko n'zoposa msinkhu wa komiti ya m'mudzi. Amenewo ndi a makontilakitala.

Tiwerengere pa holo yeniyeni

Titenge holo ya mamita 15 m'litali ndi 8 m'lifupi, khoma lotalika mamita 3.3. Holo yotere imalowa anthu 120 mpaka 150 atakhala pa mabenchi. Mukachotsa malo a mazenera ndi zitseko, n'kuwonjezera nsonga ziwiri za m'mapeto, khoma lonse limakwana masikweya mita pafupifupi 140. Njerwa yolumana ya masentimita 29 m'litali, 14 m'lifupi ndi 11.5 msinkhu imalowa 30 pa sikweya mita, kutanthauza njerwa 4,200. Onjezani za nsanamira ndi zosweka, muumbe 5,000.

Ogulitsa amakonda kunena kuti thumba limodzi la simenti limatulutsa njerwa mpaka 150. Zimenezo zimatheka pa dothi labwino zedi komanso pa khoma losasenza katundu. Pa holo yolowa khwimbi la anthu, werengerani njerwa 90 mpaka 100 pa thumba la makilogalamu 50. Ndiye kuti njerwa zokha zidya matumba 50 mpaka 55, dothi losefa la mawilibala opitirira 550, ndi madzi osakanizira okwana ndowa 200 kapena kuposa, osawerengera othirira. Gulu la anthu asanu ndi atatu lozolowera, awiri osefa, awiri osakaniza, mmodzi wothira m'bokosi, mmodzi pa mkono, awiri onyamula, limaumba njerwa 300 mpaka 400 pa tsiku. Masiku oyamba silifika n'komwe pamenepo. Ndi ntchito ya milungu itatu ngati anthu sakujomba.

Apa ndi pamene komiti iyenera kutsegula maso. Mukanasankha mabuloko a simenti obowoka, mukanafuna pafupifupi 2,000, ndipo poti thumba limodzi limatulutsa mabuloko abwino 30 mpaka 35, simenti yake ikanakhala matumba ngati 60. Kusiyana kwake n'kochepa. Phindu lenileni la ma SSB lili pena: matope omangira amachepa, pulasitala safunika khoma lonse, ndipo simulipira lole yotuta mchenga chifukwa dothi likuchokera pamalo pomwepo. Pa holo yathuyi zimenezo zingakupulumutseni matumba ngati 30 ndi ndalama ya thiransipoti. Si zochepa, koma musaiwale kuti maziko, pansi ndi bimu (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma) zidzafunabe matumba ena opitirira 70, ndipo malata, matabwa ndi zitseko sizitsika mtengo chifukwa choti njerwa ndi za dothi. Tawerengera m'matumba dala, poti chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wolembedwa lero sukhalitsa.

Dothi

Njerwa zambiri zolephera zimalephera makina asanazikhudze n'komwe. Dothi lapamwamba, lakuda, lokhala ndi mizu ndi zinyalala zowola, siligwirizana ndi simenti. Palani masentimita 30 mpaka 50 mulitaye kumunda. Makande a kudambo ndi oipitsitsa: amafufuma akanyowa, n'kung'aluka akauma, ndipo simenti yochepayo siingawagwire. Mchenga wokhawokha nawo sugwirana, njerwa imagumuka poinyamula. Chofunika ndi katondo wa mchengamchenga. Dothi la pachulu, limene anthu amalikhulupirira pa njerwa zootcha, nthawi zambiri limakhala ndi dongo lochuluka, ndiye limafuna kuwonjezera mchenga.

Musayeze ndi maso. Tengani botolo loonekera mkati, thirani dothi kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, dzazani madzi, ikani kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri, musiye tsiku lathunthu. Mchenga umakhala pansi, dothi losalala pakati, dongo pamwamba. Mchenga uzipitirira theka, ndipo dongo lisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu.

Kuyeza kwachiwiri n'kumene kumakuuzani muyezo wa simenti. Kalipentala akhome kabokosi ka matabwa kotalika masentimita 60, mulifupi 4, kuya 4. Pakani oyilo mkati, dzazani dothi lokandidwa ngati la zidina, liume mlungu umodzi pamthunzi. Likauma likankhireni mbali imodzi, muyeze mpata wotsala. Ngati sukufika sentimita imodzi ndi theka, ndowa imodzi ya simenti ipite ku ndowa 18 za dothi. Kuchokera pamenepo mpaka masentimita atatu, ndowa 16. Kuchokera pa atatu mpaka anayi ndi theka, ndowa 14. Kuchokera pa anayi ndi theka mpaka sikisi, ndowa 12, ndipo pamenepo n'kwanzeru kuthira mchenga m'dothimo m'malo momwaza simenti. Kupitirira apo fufuzani nkhuti ina. Yezani malo atatu kapena anayi, chifukwa dothi limasintha ngakhale pa mtunda woponya mwala.

Simenti ikhale ya 32.5 kapena 42.5, nambala zosonyeza mphamvu yake zimene zimalembedwa pa thumba. Ija ya 22.5 ndi yomangira ndi kupakira pulasitala, njerwa zake zimatuluka zofooka. Thumba lokhala ndi mibulu yolimba libwezeni.

Kusakaniza ndi kudinda

Sefani dothi louma pa sefa ya mabowo a mamilimita 5 kapena 6. Mibulu ya dongo ikalowa m'njerwa imadzafufuma ndi mvula n'kuphulitsa nkhope ya khoma, n'kusiya timaenje ngati nthomba. Sakanizani dothi ndi simenti zili zouma, kutembenuza ndi fosholo katatu mpaka mtundu ukhale umodzi, kenako muwaze madzi ndi kheni, osati kukhuthula ndi ndowa.

Anthu ozolowera chikombole amalakwitsa pamadzi pomwepa, chifukwa dzanja lawo limafuna matope. Makinawa amafuna dothi longozizira chinyezi. Fumbatani dothi m'dzanja likhale mpira, muugwetse pansi polimba kuchokera m'chiuno. Ukangoti phwa osasweka, madzi achuluka. Ukamwazika ngati ufa, achepa. Ukasweka zidutswa zinayi, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndi momwemo. Ndipo musasakanize mulu waukulu kuti muchepetse ntchito: simenti ikakumana ndi madzi imayamba kugwira, ndiye chosakanizacho chithe pasanathe ola limodzi. Theka la thumba pa nthawi imodzi n'lokwanira.

Chofooka chachikulu cha makina a manja n'chakuti mphamvu ya njerwa imadalira kuchuluka kwa dothi lomwe lalowa m'bokosi. Mukathira lochepa, mkono umatsika mofewa, wokoka amasangalala, njerwa imaoneka bwinobwino, koma mkati ndi yowepuka. Mukathira lochuluka, mkono sufika pansi ndipo anthu amayamba kuulendewera awiriawiri, mapeto ake mapini amapindika. Dulani chigubu chikhale muyezo wa njerwa imodzi, ndipo wothira akhale yemweyo tsiku lonse. Masana dzuwa likakula, yang'anirani kwambiri, poti wokoka akatopa amayamba kupempha kuti dothi lichepeko. Aganyu olipidwa powerenga njerwa ndiye amachita zimenezi kuyambira m'mawa. N'kwabwino kuwalipira pa njerwa zimene zapambana mayeso.

Njerwa yatsopano inyamulidwe ndi zikhatho m'mbali zake zazitali. Mukaigwira m'makona mano ake amabenthuka.

Kuthirira

Zidina zimafuna dzuwa, koma izi zimadana nalo. Simenti imalimba ndi chinyezi, ndipo njerwa ikauma msanga imakhala ngati dothi wamba lodindidwa. Yalani njerwa pamalo osalala, zifunditseni pulasitiki wakuda kapena udzu wochindikala, ndipo kuyambira tsiku lotsatira muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera asanu ndi awiri; milungu iwiri ndiye bwino koposa. Pakapita masiku atatu mukhoza kuzisanjikiza zisanuzisanu. Zimangidwe patatha masiku 28. Lembani tsiku pa mulu uliwonse ndi makala, chifukwa mmisiri akasowa njerwa amangotola zomwe zili pafupi.

Ntchito yothirira ndi imene imagwa mphwayi, chifukwa siioneka ngati ntchito ndipo kawirikawiri imasiyidwira amayi amene akutunga kale madzi a pakhomo. Ngati mjigo uli kutali, konzeranitu ngolo ndi migolo, ndipo mayina a othirira alembedwe m'kaundula mofanana ndi a oumba. Nthawi yabwino youmba ndi Juni mpaka Ogasiti, anthu atakolola, kunja kukuzizira. Mu Okutobala njerwa imauma musanamalize n'komwe kuyala mzere, mijigo nayo imakhala itayamba kuchepa madzi.

Musanamange, tolani njerwa zisanu m'milu yosiyana muzimize m'madzi usiku ndi usana. Yabwino imatuluka ili yolimba, makona ali akuthwa, ndipo msomali umangoikanda pamwamba. Ikafewa kapena kusiya matope pansi pa beseni, mulu umenewo ukamangire mpanda wa dimba. Ngati wopereka ndalama akufuna umboni wolembedwa, njerwa zingapimidwe ku Malawi Bureau of Standards kapena ku labu ya yunivesite ya MUBAS ku Blantyre.

Zoti sizifuna matope omangira

Apa ndi pamene timasiyana kwambiri ndi otsatsa malonda, amene amati njerwa zolumanazi sizifuna matope omangira. Pa kanyumba ka zipinda zing'onozing'ono, makoma amagwirana okha ndipo kusanja njerwa popanda matope kumatheka. Holo ndi chinthu china: khoma la mamita 15, lotalika kuposa mamita atatu, lochindikala masentimita 14 okha, lopanda khoma lina loligwira pakati. Komanso njerwa za makina a manja zimasiyana msinkhu ndi milimita imodzi kapena ziwiri. Pa mzere umodzi sizioneka, koma pofika mzere wakhumi khoma limakhala litayamba mafunde, njerwa zina zikutsamira pa nsonga imodzi, ndipo katundu wa denga akabwera zimathetheka pakati.

Mzere woyamba ukhale pa matope a simenti, woyezedwa ndi levulo njerwa iliyonse. Mizere inayo muziika kaphala kopyapyala ka dothi losefa ndi simenti, kongokwanira kufafaniza kusiyanako, ndipo mizere itatu yomaliza pansi pa bimu imangidwe ndi matope enieni. Pa mamita atatu alionse pakhale nsanamira yolumana ndi khoma, makona nawonso chimodzimodzi. Pamwamba pa mazenera pazungulire bimu ya konkire nyumba yonse osadukiza, yokhala ndi zitsulo zinayi za Y10 kapena Y12 (zonenepa mamilimita 10 kapena 12) zomangidwa ndi mphete pa masentimita 20 alionse, konkire yake muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale. Bimu imeneyi si ya kukongoletsa. Dziko lathu lili m'chigwa chogwedezeka, ndipo chivomerezi cha ku Karonga mu Disembala 2009 chinaonetsa zimene zimachitikira makoma osamangidwa lamba pamwamba.

Kumapazi ndi kumutu

Njerwa ya SSB imapirira mvula yoiwomba, koma siipirira kukhala m'madzi. Choncho isalowe m'nthaka. Kumbani maziko mulifupi masentimita 60 mpaka mupeze nthaka yolimba, thirani konkire, mumange ndi miyala kapena mabuloko a simenti odzaza mpaka masentimita 30 pamwamba pa nthaka; kumalo otsika ngati kuchigwa cha Shire kwezani kuposa apo, ndipo malo enieniwo akhale pachitunda. Pamwamba pake yalani pulasitiki wakuda woletsa chinyezi musanaike njerwa yoyamba. Akauiwala, pakatha dzinja limodzi kapena awiri mumaona mzere wonyowa m'munsi mwa khoma, kenako mchere woyera, kenako njerwa zikuyamba kufumbutuka. Kunja kuzungulire kakhonde ka simenti kopendekera kunja, kamene kamathandizanso kuona msanga njira za chiswe. Poti pansi pakwera masentimita 30, khomo limodzi likhale ndi potsetsereka pa njinga za olumala, potalika mamita 3.6.

Denga lituluke masentimita 60 kapena kuposa mbali zonse, ndipo mbali imene mvula imawombera kuikidwe khonde lalikulu. Khondelo limasanduka kalasi yachiwiri kapena podikirira sikelo. Mphepo ikalowa pansi pa malata imanyamula denga ngati chipewa, monga anthu anaonera nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Choncho mathirasi asangokhomedwa pamwamba pa khoma. Mawaya kapena malamba achitsulo amizidwe m'bimu konkire isanaume, adzakulunge thirasi iliyonse. Malata akhale a geji 28, ndipo m'mphepete ndi pamsonga akhomedwe mothinana kuposa pakati. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limalimbana bwino ndi mphepo kuposa la nsonga ziwiri, ngakhale limadya matabwa ambiri ndi kalipentala wodziwa. Matabwa onse apakidwe mankhwala a chiswe asanakwere.

Makoma aataliwo ayang'ane kumpoto ndi kumwera kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lizimenya makoma aafupi. Mazenera akhale moyang'anana kuti mphepo izidutsa, ndipo pamwamba pa bimu musiye timipata totulutsira mpweya wotentha. Khoma la dothi limachedwa kutentha, n'zoona, koma pansi pa malata opanda siling'i ubwino umenewo umatha. Ngakhale mphasa kapena nsungwi zolukidwa zokhomedwa pansi pa mathirasi zimasintha zinthu, ndipo mvula ikamagwa anthu amamvana pamsonkhano. Zitseko zikhale ziwiri, zotsegukira kunja. Ngati ndalama yatsalako, ikani ngalande za m'mphepete mwa denga ndi thanki: denga la masikweya mita 120 limagwira malita 1,200 pa mvula ya mamilimita 10 okha.

Pulasitala pakani m'munsi mokha, masentimita 60 mpaka 90 pamene madzi odontha amathovukira, ndi khoma loyang'ana kumvula ngati lilibe khonde. Akhale wofewa, muyezo umodzi wa simenti pa isanu ndi umodzi ya mchenga. Pulasitala wa simenti yambiri amauma gwa kuposa khoma, n'kumatuka zigamba zikuluzikulu. Penti wa oyilo kunja musapake, amatsekera chinyezi mkati.

Kugula, kubwereka, kapena kusiya

Mudzi umodzi kugula makina chifukwa cha holo imodzi n'kutaya ndalama, poti pakatha milungu itatu amakagona m'sitolo n'kuchita dzimbiri. Ndi chida choyenera ADC (komiti ya chitukuko ya dera lonse), parishi, kopaletivi kapena gulu la achinyamata, kuti akatha pa holo apite ku nyumba za aphunzitsi, zimbudzi za sukulu ndi nkhokwe, midzi ikubwerekana. Pamodzi ndi makinawo pakhale anthu awiri kapena atatu ophunzitsidwa oyenda nawo, chifukwa luso lili mwa anthuwo. Kumene dothi ndi makande okhaokha kapena mchenga wa kunyanja, kapena kumene madzi ndi ovuta, mabuloko a simenti ndiwo angachite bwino. Ndipo ngati palibe mmisiri amene anamangapo ndi njerwazi, yambani ndi chimbudzi cha holoyo, zolakwa zichitikire pamenepo.

Pogula kapena pobwereka, makamaka makina owotcherera konkuno, musakhutire ndi penti. Dindani njerwa khumi pomwepo, muziike pa thabwa lowongoka, muyale levulo pamwamba: zikasiyana kuposa mamilimita awiri, mapini atha kapena mbale yapansi ikupendama. Yezani njerwa m'lifupi pakati ndi kumapeto. Ikakhala yonenepa pakati, ndiye kuti zitsulo za bokosi n'zopyapyala ndipo zayamba kufufuma. Gwedezani mkono uli m'mwamba mumve ngati ukuseweraseweretsa. Onani ngati chivindikiro chikutseka mosasiya mpata, ndipo funsani ngati mapini ndi mabawuti ake angapezeke kapena kusulidwa pafupi. Makinawa ndi olemera, amafuna amuna anayi kuti akwere pangolo, ndipo pogwira ntchito amangiriridwe pa matabwa awiri aatali kuti asamanyamuke kumbuyo. Madzulo alionse palani dothi lonse m'bokosi simenti isanagwire, pakani oyilo wakutha mkati, muike girizi m'mapini.